Mtengo wa Katundu wa Munthu Wamoyo

Abwana anga ankasunga ndalama zimene munthu sungagulire ngakhale machesi. Anali mzungu wa ku America, wokalamba, akazi awo anamwalira kale, ndipo anabwera ku Dubai pa ntchito ya zamadzi n'kungokhaliratu atapuma. Ine ndinali wantchito wawo wogonera komweko, m'nyumba ya m'mwamba kwambiri ku Marina, dera la olemera la m'mbali mwa nyanja, ndipo viza yanga inali m'dzina lawo. Izi ndinene poyambirira, chifukwa amene sanagwirepo ntchito kunoko sadziwa. Bwana ndiye pepala lako, ndiyenso denga lako. Iye akachoka, iwenso wachoka.

Ndalamazo iwo ankazitchula kuti matokeni. Anandifotokozera kuti kale kwawoko, nthawi ya umphawi waukulu, maboma a zigawo zina anayamba kudula msonkho pa zinthu zogula m'sitolo. Munthu akagula kanthu kakang'ono, msonkho wake sunkakwana ngakhale kakobiri kochepetsetsa, ndiye anapanga timakobiri tapadera tolipirira msonkhowo. Tina tinali ta aluminiyamu, tina ta mkuwa, tina ta pulasitiki wobiriwira, tina ta chikatoni ngati chotsekera botolo la mkaka. Tambiri tinali ndi bowo pakati. Anthu a nthawiyo akuti ankadana nato chifukwa tinkangodzaza m'matumba, koma abwana anali ndi kabati yathunthu ya madilowa osaya, dilowa lililonse lili ndi timaenje, kaenje kalikonse katokeni kake.

Anali munthu wa mtima wapachala. Sankamenya, sankatukwana, koma ankakuwa ndi kumenya tebulo pa zinthu zoti wina n'kungoseka. Miyezi yoyambirira ndinkaloledwa kupukuta kabatiyo kunja kokha. Maso awo atayamba kuvuta ndi pamene anayamba kundiitana Lachisanu masana kuti ndiziwagwirira galasi lokuzira ndi kuwawerengera zilembo. Anandiphunzitsa kugwira katokeni m'mphepete, osati pamimba. Anandiuza kuti litsiro lake silichotsedwa, chifukwa kotsukidwa kamaoneka bwino kwa munthu ngati ine koma kwa odziwa kafa kale. Mtengo wake umaonedwa pa zilembo, ngati zidakali zakuthwa kapena zinapelepeseka ndi zala, ndiponso pa malo amene kanachokera. Ta maboma akuluakulu tilipo tambirimbiri, koma ta m'matauni ang'onoang'ono ndi tosowa.

Chimene sindinachimvetse konse chinali kasanjidwe kake. Sanasanje potsata chitsulo, kapena chigawo, kapena mtengo. Bambo awo ankagulitsa nsapato sitolo ndi sitolo, ndipo pobwera ku ulendo uliwonse ankakhuthulira mwana wawo timatokeni totsala m'thumba. Dilowa lililonse linali ulendo umodzi wa bambo awowo, kuphatikiza tina timene abwana anadzagula atakula n'kutiika pamsewu umene tinkayenera. Kasanjidwe kameneka sikanalembedwe paliponse, kanali m'mutu mwawo basi. Ndikabweza kamodzi m'kaenje kolakwika, tebulo linkalira.

Kenako mliri wa corona unafika. Sitima za Metro zinaima, ndege zinaima, ndipo kuti upite kukagula buledi unkayamba wapempha chilolezo pafoni. Pansi pa nyumba yathu, pamene kale pankadzaza anthu oyenda m'mbali mwa madzi, panangoti zii. Ndinali ndi mnzanga wa ku Lusaka amene tinadziwana kutchalitchi. Iye ankakonza zipinda pahotela, ndipo hotelayo itatseka anakapezeka ku Satwa, dera la nyumba zotchipa, m'kachipinda ka mabedi osanjikiza, azimayi okhaokha opanda ntchito, wina akatsokomola onse n'kuyang'anana. Akandiimbira ndinkamva mawu a anzakewo akukangana kumbuyo. Ndinkadziwa kuti ntchito ikandithera, kumeneko ndiye kwanga, ngati nako kungapezeke malo.

Abwana anayamba kutsokomola tsiku lina m'mawa, akudya phala. Anati ndi fumbi la mu eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba, ndipo anandikalipira kuti sindinaitsuke bwino. Patapita masiku ochepa ankalephera kuyenda kuchoka pabedi kukafika kubafa osapumira panjira. Anabwera anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuwanyamula. Ine anandipima, n'kundiuza kuti ndilibe matendawo koma ndisatuluke.

Ndinatsala ndekha m'nyumba yaikulu ija. Sindinachitepo mantha otero chibadwire. M'mawa uliwonse ndikadzuka ndinkathamangira kukhitchini kukanunkhiza adyo, chifukwa tinamva kuti matendawa amayamba ndi kutseka mphuno. Ndinkapukuta zigwiriro za zitseko zimene ndinkazigwira ndekha. Foni ikalira, ndinkaopa kuyankha.

Abwana anali ndi mwana mmodzi, wamwamuna, amene ankakhala ku America. Kale ankaimba mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zambiri foni inkatha ndi kukuwa. Tsopano achipatala ankalankhula ndi iye, iye n'kumandiuza ine. Anali waulemu, wolankhula pang'onopang'ono, ndipo nkhope yake pafoni inkaoneka kuti sakugona. Ndi iye amene anandiuza kuti bambo ake awaika pa makina opumira ndipo awagoneka tulo ta mankhwala.

Sabata yomweyo anaimbanso madzulo, kwawo kukucha. Anayamba ndi kundifunsa ngati ndili ndi chakudya chokwanira. Kenako anati wapeza munthu wina wogula ndi kugulitsa matokeni, ndipo akufuna kudziwa mtengo wa zonse za m'kabati, kuti zinthu zikhale m'malo mwake popeza chilichonse chingachitike. Iye sakanatha kubwera, ndege kunalibe. Ntchito yanga inali yoti ndizitulutsa matokeniwo n'kumawaonetsa munthuyo pa vidiyo.

Kwathu katundu wa munthu saikidwa mtengo mwini wake akupuma. Zovala, njinga, wailesi, zonse zimadikira mpaka maliro aikidwe, anthu amete, akuluakulu akhale pansi. Kuyamba kuyendetsa maso pa katundu wa wodwala ndi kumulaula. Ndili mwana, amalume anga atagona m'nyumba akudwala, msuweni wawo wina anagwira chishalo cha njinga yawo pakhonde n'kufunsa kuti njinga yotere masiku ano ikupita pa zingati. Amalume anamwalira sabata yomweyo, ndipo munthu uja mpaka lero akafika pamaliro anthu amasuntha mphasa. Ine ndine Mkhristu, ndimadziwa kuti moyo uli m'manja mwa Mulungu, osati m'chishalo cha njinga. Koma kudziwa kumakhala m'mutu, pamene mantha amakhala m'mimba, ndipo m'mimba mwanga simunamve zimenezo.

Ndinayesa kumufotokozera. Ndinati kwathu sitichita zimenezi munthu akadali moyo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena kuti akulemekeza chikhalidwe changa, koma uku n'kukonzekera chabe. Anawonjezera kuti zinthu zikavuta ndi iye amene adzasamale zonse, kuphatikizapo mapepala anga. Mwina ankafuna kundilimbitsa mtima. Ine ndinamva ngati wandionetsa khomo.

Ndinaimbira mnzanga wa ku Satwa uja. Sanandinyengerere.

"Iwe, manje ufuna chani?" anatero. "Ufuna ubwele kuno tizigona babili pa bedi imodzi? Chita vamene bakuuza. Madala bakafa, ni corona yabapaya, osati iwe. Khalas, basi."

"Nanga akafa ine nditagwira katundu wawo?"

"Nanga bakafa iwe utakana? Mwana wao azakukumbukila bwanji?"

Tsiku lotsatira ndinayala thawulo loyera patebulo lodyera, ndinasamba m'manja, ndinapemphera, n'kutsegula kabati.

Wogula uja anali bambo wandevu zoyera, atakhala m'chipinda chodzaza makatoni, kapu ya khofi m'manja. Tinali atatu pafoni, iye, mwana wa abwana ndi ine. Chinthu choyamba chimene ananena chinali chakuti sangagwire ntchito ndi kasanjidwe kopanda mutu kameneka. Ankafuna ta chigawo chimodzi tonse pamodzi. Ndiye ndinayamba kutola m'dilowa ili timodzi, m'dilowa ilo tina, kutsegula, kutseka, iye akundifulumizitsa chifukwa nthawi yake inali yolipira. Nzeru yoti ndikanayamba ndajambula madilowawo inandifikira foni itatha, pamene dilowa lililonse linali kale ndi magweru ngati m'kamwa mwa nkhalamba.

Tinkachita zimenezi madzulo aliwonse amene bamboyo anali ndi mpata. Ndinkanyamula katokeni m'mphepete, kukayandikiza ku foni, kukatembenuza. Iye ankayang'ana pang'ono n'kunena kuti n'kawamba. Kena, kawamba. Kena, kawamba koma kosungidwa bwino. Patebulo panakhala milu itatu, wa tachabechabe, wa tapakati, ndi kamulu kakang'ono ka tosowa. Tikamaliza, mwana wa abwana ankatsala pafoni n'kundiuza za kuchipatala. Tsiku loyamba anati mpweya wachepa. Lotsatira anati impso zayamba kuvuta. Ndikadula foni ndinkakhala pansi pakhitchini, nditatsamira firiji, ndikumva kuti ndine amene ndikuchita zimenezi. Katokeni kalikonse kamene ndinkachotsa m'kaenje kake ndinkaona ngati ndikuchotsa munthu m'nyumba mwake.

Chimene chinandichititsa manyazi n'chakuti ntchitoyo ndinayamba kuizolowera. Pofika sabata yachiwiri ndinkadziwa yankho bamboyo asanayankhule. Ta pulasitiki tobiriwira tija ndinkangotiponya pa mulu waukulu. Ta aluminiyamu ndinkayamba ndayang'ana ngati zilembo zili zakuthwa. Tsiku lina ndinanyamula kena kolembedwa dzina la tauni imene sindinaimvepo, ndipo mtima unadumpha ndi chimwemwe bamboyo asanatsitse n'komwe kapu yake. Anayandikira pafoni, anandiuza kuti nditembenuze pang'onopang'ono, n'kunena kuti ameneyu ndiye wabwino. Ndinamwetulira. Kenako ndinakumbukira kuti mwini wake ali chigonere ndi chipaipi kukhosi, ndipo ndinasiya kumwetulira.

Titamaliza zonse, bamboyo anapereka chigamulo chake. Anati ndi zinthu zosungidwa mwachikondi, koma zambiri n'zoti umazipeza m'mabotolo m'nyumba za anthu okalamba. Kupatula kamulu kakang'ono kaja, katokeni kamodzi sikangagule ngakhale kapu ya tiyi. Anaseka n'kunena kuti mwina kabatiyo ndi imene ingapeze wogula msanga. Mwana wa abwana sanaseke, anangogwira pamphumi. Ine ndinapsa mtima kwambiri, koma mkwiyo wa wantchito umathera m'sinki. Ndinatsuka mbale zotsuka kale. Ndinali nditalaula munthu chifukwa cha zinthu zosakwana mtengo wa tiyi.

Masiku otsatira ndinkangodikira uthenga. Ndinalongeza chikwama changa n'kuchiika pansi pa bedi, kenako ndinachimasula chifukwa ndinaona kuti nakonso n'kulaula. Tebulo lija ndinalifunditsa nsalu yoyera kuti lisalowe fumbi, koma ndikatuluka kukhitchini n'kuliona linkaoneka ngati maliro ofunditsidwa. Ndinaichotsa nsaluyo.

Ndiye madzulo ena mwana wa abwana anaimba akulira. Ndinaganiza kuti basi, amwalira. Koma anati bambo ake awachotsa pa makina, akupuma okha, ndipo atsegula maso. Ndinagwada pomwepo, foni ili m'manja, ndikuthokoza Mulungu mokweza m'Chichewa. Ndinali wosangalala zenizeni. Koma pamene ndinkadzuka, maso anga anagwera patebulo, pa milu itatu ija, ndipo chimwemwecho chinazizira. Sindinaganizepo za zimenezi. Mantha anga onse anali oti amwalira. Sindinakonzekere zoti abwera n'kudzaona.

Anakhalabe m'chipatala masabata angapo, ndipo masabata amenewo ndinathera pakabati. Ndinkatsegula dilowa, kutseka maso, kuyesa kukumbukira kuti Lachisanu lakutilakuti munali chiyani. Ndinkakumbukira kamodzi apa, kamodzi apo, kwina konse mutu unali mbee. Ndinaganiza zongobwezeramo mwachisawawa kuti timaenje tidzaze, koma ndinawadziwa abwana. Akanatsegula dilowa limodzi n'kudziwa, ndipo pamwamba pa kugwira katundu wawo ndikanakhalanso wabodza. Ndinapempha mwana wawo kuti awafotokozere asanatuluke. Anati atero, koma nthawi iliyonse ndikafunsa ankati bambo ake akadali ofooka, adikire kaye. Mnzanga wa ku Satwa anati ndinene kuti ndinangotumidwa, inshallah, Mulungu akalola, amva. Koma ine ndinadziwa kuti munthu sathamangitsa mwana wake. Amathamangitsa amene manja ake anagwira.

Anabwera masana, pa njinga ya olumala, akukankhidwa ndi namwino. Ndinatsala pang'ono kusawazindikira. Khosi linali litalowa m'kolala ya malaya, ndevu zitamera, maso okha ndiwo anakula. Namwino atapita tinatsala awiri pabalaza. Ndinawafunsa ngati akufuna kugona kaye, pofuna kuwapititsa kuchipinda osadutsa kodyera. Koma iwo anali ataona kale.

Anandiuza kuti ndiwakankhire kutebulo. Anayang'ana milu itatu ija kwa nthawi yaitali. Sanafunse kuti ndi chiyani. Munthu amene wasunga zinthu zimenezi moyo wake wonse amadziwa kasanjidwe ka wogulitsa akakaona. Ine ndinaima kumbuyo kwawo, mapewa nditakweza, kudikira kuti tebulo lilire.

"Munayamba liti?" anafunsa, mawu ali osasa.

"Sabata imene anakuikani pa makina, bwana."

Anagwedeza mutu. Ndinayamba kufotokoza za mwana wawo, za wogula uja, kuti ndinayesa kukana, koma anakweza dzanja pang'ono kuti ndisiye. Ndinaganiza kuti basi, zathera pamenepa. M'mutu ndinayamba kale kuona masitepe a ku Satwa.

"Ntchito ilipo yambiri apa," anatero. "Sindingathe ndekha. Usapite kulikonse."

Sindingathe kufotokoza mmene thupi linapepukira. Ndinathamangira kukhitchini ngati ndikukatenga madzi, n'kukagwira m'mphepete mwa sinki mpaka kupuma kunabwerera.

Tinayamba tsiku lotsatira, atadya. Ndinabweretsa madilowa patebulo, ndinawapatsa galasi lawo. Manja awo ankanjenjemera, ndiye tinagwirizana kuti ine ndizinyamula, iwo azindiuza pokaika. Ndinanyamula koyamba. Anakayang'ana, anayang'ana madilowa, n'kundifunsa kuti ine ndikuganiza kuti kankakhala pati. Ndinaloza mongoyerekeza. Anavomera. Kachiwiri chimodzimodzi, kachitatu chimodzimodzi. Poyamba ndinaganiza kuti ndikulasa, kapena kuti akungondikomera mtima. Koma abwana amene ndinkawadziwa sankakomera munthu mtima pa nkhani ya matokeni.

Pa mulu waukulu panali kena ka chikatoni, kong'ambika pang'ono m'mphepete, kamene ndinkakadziwa bwino lomwe. Kankakhala m'dilowa lapamwamba, pakona ya kumanzere, koyambirira pa zonse, chifukwa ndi kamene bambo awo anawapatsa koyamba. Ndinakatola. Ndinakaika dala m'dilowa lapansi, pakati pa ta pulasitiki, malo amene sikanakhalepo chiyambire. Kenako ndinachotsa dzanja n'kudikira. Ndinkafuna akuwe. Sindinafunepo chinthu ngati mmene ndinafunira kuti andikalipire tsiku limenelo.

Anawerama, anayandikiza galasi, anakayang'ana nthawi yaitali.

"Inde," anatero. "Pamenepo."

Anakweza maso n'kundiyang'ana ngati mwana wofuna kumva kuti wakhoza. Ndinati inde bwana, ndi pamenepo, n'kutambasula dzanja kutola kena.